Kodi malamulo a maiko amati mkazi ndani?

FUNSO: Akonzi, kuno ku Nangongwe tinatsutsana pa msonkhano wa amayi dzina la Barbra Banda litatchulidwa. Ena akuti malamulo a maiko asintha, aliyense angathe kudzitcha mkazi. Kodi n'zoona? Nanga ufulu wathu amayife ukhala pati?
Mayi wodandaula, Nangongwe, Kafue

YANKHO: Amayi, mtima ukhale m'malo. Ufulu wanu sunasunthe.

Pangano la CEDAW, lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1979 ndipo Zambia inalivomereza mu 1985, limaletsa kusala munthu chifukwa ndi mkazi, koma silifotokoza kuti mkazi ndani. Mu 2010 komiti yoyang'anira panganoli inati tsankho limapweteka kwambiri mkazi akamasalidwanso chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kapena mmene amadzionera pa umuna ndi ukazi. Amenewa ndi malangizo kwa maboma, si lamulo latsopano. Pangano la maiko a mu Africa la ku Maputo la 2003 limangoti akazi ndi anthu aakazi, kuphatikizapo atsikana.

Choncho dziko lililonse limagamula palokha. Ku Argentina, kuyambira 2012, munthu amatha kusinthitsa zolembedwa pa chitupa chake akafuna. Ku Britain, khoti lalikulu linagamula mu 2025 kuti m'lamulo lawo loletsa tsankho la 2010, mkazi ndi amene anabadwa wamkazi.

Nkhani ya Barbra ndi ina. Iye ndi wosewera mpira amene anabadwa wamkazi ndipo anakulira ku Lusaka. Mu 2022 anamusiya pa mpikisano wa mpira wa akazi wa mu Africa (WAFCON) ku Morocco chifukwa cha malamulo oyeza ukazi wa osewera, koma mu 2023 anatsogolera timu ya akazi ya Zambia ya Copper Queens pa World Cup n'kugoletsa chigoli pamene Zambia inagonjetsa Costa Rica. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu anayamba kumunyoza poona thupi lake. Tikazolowera kuyeza ukazi ndi maso, mawa wonyozedwa adzakhala mwana wanu wamawu aakulu, kapena mnansi wosabereka. Ngakhale amene simugwirizana naye pa mmene amadzionera, nayenso ndi munthu, ndipo sayenera kumenyedwa kapena kuchititsidwa manyazi.

Pa msonkhano wotsatira, kambiraninso za Gawo 23 la malamulo oyendetsera Zambia, lomwe limapatula nkhani za ukwati, chisudzulo ndi chuma chamasiye pa chiletso cha tsankho. Apo m'pamene amayi ambiri amapwetekera. Ndipo mayi aliyense wochitiridwa nkhanza mumuperekeze ku Victim Support Unit ya apolisi, pakuti lamulo lolimbana ndi nkhanza la 2011 lili kumbali yake.