Mutu 14: Wophika Akadwala

Maselema ndi malo amene ali pakati pa Blantyre ndi Limbe, m'mbali mwa msewu waukulu wa Masauko Chipembere. Pamalopa pali makampani, magalaji ndi nyumba zosungiramo katundu. Anthu ogwira ntchito kumeneko amachokera ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri. Popeza kwawo nkutali, nthaŵi ya nkhomaliro ikakwana amakadya m'timalesitilanti ta pafupi.

Munthu akalandira nsima yake yotentha saganiza za amene waiphika. Komatu ntchito ya ophikawo ndi yoŵaŵa. Iwo amalaŵira mbandakucha kuti akakoleze makala pa mbaula dzuŵa lisanatuluke. Amatunga madzi, amasankha nyemba, amasadzula masamba ndi kupala nsomba. Kenaka amavundula nsima m'sefuliya yaikulu, utsi uli m'maso, thukuta lili kamukamu. Operekera zakudya nawonso amakhala chiimire tsiku lonse. Uyu akuti mchere wachepa, uyo akuti nyama yalimba, ndipo iwo amangoyankha kuti, "Pepani, bwana," ngakhale kulakwa kusali kwawo.

Vuto lalikulu limadza pamene iwo adwala. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Ndirande wadzuka akutsekula m'mimba. Afika kwa mwini lesitilanti nati, "Bwana, usiku wonse sindinaone tulo, m'mimba mwandivuta. Chonde ndiloleni ndipite kuchipatala."

Bwanayo ayankha nati, "Mayi, mwezi watha, lero anthu achuluka. Mukapita, maŵa musabwerenso. Ofuna ntchito ali mbwee panjapa."

Mayiyo aganiza za lendi ndi za ana ake. Amanga chitenje m'chiuno, naloŵa kukhitchini.

Apa bwanayo walakwa paŵiri. Walakwira wantchito wake, ndiponso waika pangozi anthu onse amene adye tsiku limenelo. Tizilombo toyambitsa kolera ndi taifodi timakhala m'chimbudzi cha wodwala. Timaloŵa m'madzi, kapena m'chakudya kudzera m'manja osasambidwa ndi sopo. Motero wophika mmodzi angathe kudwalitsa anthu ambiri amene sakuwadziŵa nkomwe.

Matendaŵa si achilendo kwathu kuno. Kolera amene anabuka mu Malichi 2022 nafika m'chaka cha 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi wa Lilongwe zinachedwa kutsekulidwa. Taifodi nayenso wasautsa anthu a mu Blantyre kwa zaka zambiri. Nchifukwa chake m'chaka cha 2018 katemera watsopano wa matendaŵa anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, pakati pa ana oposa 28,000.

Kale ku New York, m'dziko la America, kunali wophika wina dzina lake Mary Mallon. Iye anali ndi tizilombo ta taifodi m'thupi mwake ngakhale sanali kudwala, ndipo m'mabanja ambiri amene ankaphikamo anthu ankadwala. Azaumoyo anamtulukira m'chaka cha 1907 namsunga payekha. Atammasula anamletsa kuphika, koma ntchito yochapa imene anapeza inali ya malipiro ochepa, motero anabwereranso kukhitchini, anthu enanso nadwala. Nkhaniyi itiphunzitsa kuti kungoletsa wophika sikukwanira. Iye afunikanso kukhala ndi chodyera pamene sakugwira ntchito.

Dziko lathu lili ndi lamulo lotchedwa Employment Act, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000. Lamuloli likuti munthu amene wagwira ntchito pamalo amodzi kwa miyezi 12 yotsatizana, akadwala ayenera kupatsidwa tchuthi cha milungu 4 pa chaka akulandira malipiro onse, ndi milungu ina 8 akulandira theka. Chofunika ndi kuonetsa chikalata cha dokotala. Wantchito amene wachotsedwa popanda chifukwa chomveka angathe kukadandaula ku ofesi ya zantchito, ndipo zikakanika kumeneko mlandu umapita ku bwalo la milandu ya zantchito.

Komabe ophika ambiri salidziŵa lamuloli. Ena ndi aganyu, ena sanathe chaka pantchito, enanso alibe kalata yosonyeza tsiku limene analembedwa. Otereŵa amadalira chifundo ndi nzeru za owalemba ntchito. Bwana wanzeru adziŵa kuti nkwabwino kusoŵa wophika masiku aŵiri kusiyana ndi kuthaŵidwa ndi odya onse chifukwa cha mbiri ya matenda.

Ena mwa inu mudzakhala ophika, ena mudzakhala eni malesitilanti. Mukadzalemba anthu ntchito, mudzakumbukire kuti matenda sasankha. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Mau Atsopano
nkhomaliro, kulaŵira, mbandakucha, kusadzula, chiimire, mbwee

Mafunso
1. Kodi Maselema ali kuti?
2. Tchulani ntchito zinayi zimene ophika amagwira nsima isanapse.
3. Nchifukwa chiyani mayi wa ku Ndirande analoŵa kukhitchini akudwala?
4. Fotokozani m'mene kolera ndi taifodi amafalira.
5. Kodi lamulo la chaka cha 2000 likuti chiyani za wantchito wodwala?
6. Mukadakhala bwana uja, mukadamuyankha chiyani mayiyo?

Ntchito
(a) Pangani ziganizo zanuzanu ndi mau atsopano ali pamwambaŵa.
(b) Lembani kalata yaifupi kwa bwana wanu yopempha tchuthi chifukwa cha matenda.
(c) Kambiranani tanthauzo la mwambi umene uli kumapeto kwa nkhaniyi.