PHUNZIRO: UTOMONI WOCOTSA NJEREWERE ZA PA ZIWALO ZOBISIKA

Pamene mfumu Hezekiya anadwala cithupsa, mneneri Yesaya analamulira kuti aikepo nkhuyu, ndipo anacira (2 Mafumu 20). Womciritsa ndiye Mulungu, koma sanakana mankhwala omera m'nthaka. Cotero Mkristu sayenera kucita manyazi pofuna mankhwala, ingakhale nthenda yace iri pamalo pobisika.

M'nkhalango za kum'mawa kwa North America mumamera katsamba kochedwa mayapple, kapena Podophyllum, ka masamba onga ambulera. Ndipo mbale wace amera m'mapiri a Himalaya. Eni dziko akale anali kumwa muzu wace kuti utsegule m'mimba, nadziwanso kuti wocuruka ungathe kupha. M'muzu umenewu ndimo mucokera utomoni wochedwa podophyllin.

M'caka ca 1942 dotolo wina wa ku New Orleans, dzina lace Kaplan, analemba kuti utomoniwu ucotsa njerewere zomera pa ziwalo zobisika. Njerewerezi zidza ndi kacirombo kochedwa HPV, kamene anthu apatsana pogonana. Utomoni uletsa njerewere kukula, ndipo ifota, nithothoka atapita masiku owerengeka.

Koma mankhwala awa ali ngati moto, umene uphika nsima nutenthanso nyumba. Cifukwa cace apakidwa ndi dotolo kapena namwino yekha, kamodzi pa sabata. Utomoni usungunulidwa m'mankhwala ena amadzi, magawo 10 kufikira 25 mwa magawo 100. Wopaka ayamba wachinjiriza khungu labwino ndi mafuta a Vaseline, nadontheza pang'ono pa njerewere pokha; ndipo wodwala asambapo asanapitirire maora 4. Ukacuruka, kapena ukagwera pa bala, ulowa m'mwazi nuononga mitsempha, ndipo ena anafa nao. Mkazi wapakati asapakidwe konse, pakuti ungaphe mwana m'mimba. Pa zifukwa izi, m'caka ca 2015 akulu a zaumoyo a ku United States analeka kulangiza utomoni wosayengawu; madotolo ambiri asankha mankhwala oyengedwa kucokera mwa uwo, ochedwa podophyllotoxin, kapena kuumitsa njerewere ndi cisanu, kapena kuzidula.

Utomoni ucotsa cooneka ndi maso, koma supha kacirombo, ndipo njerewere zikhoza kumeranso. Kupewa ndiko kupambana: kukhulupirika m'banja, ndi katemera wa HPV, amene dziko la Zambia linayamba kubaya atsikana a zaka 14 m'caka ca 2019. Katemerayu achinjirizanso ku khansa ya khomo la ciberekero.

Mdani wamkuru pa nthenda iyi ndiye manyazi. Alipo amene abisa cibisire, nadziceka ndi lumo kuseri kwa nyumba, kufikira bala litukusira. Aliponso amene athamangira kuweruza mnzao wa m'banja, osadziwa kuti kacirombo kakhoza kubisala m'thupi miyezi yambiri kasanaonekere. Mwamuna ndi mkazi wace apite pamodzi kucipatala, nanene zoona. Ndipo akulu a mpingo, akamva, asunge cinsinsi, nathandize wodwala kupeza njira.

MAFUNSO
1. Nkhani ya Hezekiya iphunzitsanji za mankhwala?
2. Cifukwa ninji munthu sayenera kudzipaka yekha utomoni uwu?
3. Mpingo ungathandize bwanji wodwala wogwidwa ndi manyazi?