Madzi Akalowa mu Silinda ya Injini ya Boti

M'madera a m'mbali mwa nyanja monga Makanjira, Senga Bay, Nkhotakota ndi pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, injini ya boti ndi chuma cha banja lonse. Ndiyo imayendetsa boti la chilimira usiku, ndiyonso imathamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala msewu ukaduka. Ikazima pakati pa nyanja nthawi ya mwera, miyoyo ya anthu imakhala pachiswe. Limodzi mwa mavuto amene amazimitsa injini ndi madzi olowa mu silinda. M'phunziro lino tiona momwe tingapezere kumene madziwo akuchokera tisanayambe kumasula injini.

Madzi amafunika, koma malo ake

Injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Kapampu ka labala kamene kali kumunsi kwa mwendo wa injini kamakoka madzi, madziwo n'kuzungulira m'tinjira ta m'mbali mwa masilinda, kenako n'kutuluka. M'kati mwa silinda muyenera kulowa mpweya ndi petulo basi, ndiponso oyilo ngati injini yanu ndi yosakaniza oyilo m'petulo. Chimene chimalekanitsa madzi ndi moto ndi chitsulo ndi magasiketi opyapyala. Gasiketi ikangopsa kapena chitsulo chikang'aluka, madzi amapeza njira.

Zizindikiro zake

Injini imavuta kuliza, imatsokomola, imanjenjemera ndipo mphamvu zimachepa ngati ikuyendera silinda imodzi. Nthawi zina chingwe cholizira chimakana kukokeka. Zikatero musakakamize. Madzi safinyika ngati mpweya, ndipo mukalimbana nawo mutha kupinda ndodo ya pisitoni.

Poyamba, funsani mapulagi

Chotsani kachingwe kozimitsira injini kuti isalire mwangozi, ndipo muzimitse nyali ndi fodya yense pafupi. Masulani mapulagi onse, muwaike motsatana kuti mudziwe yam'mwamba ndi yam'munsi. Pulagi ya silinda yabwino imakhala youma, yofiirira kapena yodera pang'ono. Ya silinda yolowa madzi imakhala yoyera mbee ngati yatsukidwa, chifukwa nthunzi imachotsa mwaye wonse. Mwinanso mudzaona timadontho ta madzi, dzimbiri, kapena zoterera zotuwa ngati mkaka. Walitsani tochi pabowo la pulagi: pamwamba pa pisitoni pakakhala pongwalangwala pamene inzake ili yakuda, madzi akulowa mmenemo. Kokaninso chingwe mapulagi ali kunja, muone ngati pabowo pakufwaphuka madzi.

Kachiwiri, yesani petulo

Musanaganize zoti injini yawonongeka, popani petulo wa pansi pa thanki mumuthire m'botolo lagalasi loyera. Dikirani mphindi zingapo. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi ndipo malire ake amaoneka bwino. Masulaninso kabawuti ka pansi pa kabuleta, zotulukazo muzilandire m'kachitini. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Chigubu chosatseka bwino, thanki yosiyidwa pamvula kapena petulo wokhalitsa ndi magwero a madzi. Ngati mapulagi onse anyowa mofanana, kawirikawiri vuto limakhala petuloyo, kapena mafunde amene analowa pa kabuleta. Apa simufunika kugula chitsulo chilichonse: tsukani thanki ndi kabuleta, muthire petulo watsopano.

Kachitatu, silinda imodzi yokha ikanyowa

Petulo akakhala wabwino koma pulagi imodzi n'kumanyowabe, madzi akuchokera m'tinjira toziziritsira. Dzifunseni: kodi injiniyi inatenthapo kwambiri posachedwa? Kodi madzi aja amene amatuluka ngati kamzere kumbuyo anasiyapo kutuluka? Pulasitiki, udzu kapena mchenga zikatseka polowera madzi, injini imatentha, hedi imapindika ndipo gasiketi yake imapsa. Yang'anani ngati penti ya pa hedi yasintha mtundu kapena yatukusira.

Apa pitani kwa makaniko amene ali ndi geji yoyezera kompuleshoni. Masilinda onse ayenera kupereka manambala oyandikana. Akasiyana kupitirira pafupifupi 10 pa 100 alionse, monga imodzi 120 ina 90, kayikirani gasiketi ya hedi. Makaniko akachotsa hedi aike lula yachitsulo yowongoka pamwamba pake. Ngati pansi pa lula pakuoneka mpata, hediyo yapindika, ndipo gasiketi yatsopano idzapsanso pokhapokha hediyo itapalidwa.

Kompuleshoni ikakhala bwino koma madzi akulowabe, malo otsala ndi gasiketi ya chivundikiro cha mbali yotulukira utsi, kapena silo ya kumunsi kwa kilankishafuti. Silo imeneyi ikatha, imanyowa ndi silinda yam'munsi. Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene tingaganize za mng'alu m'thupi la injini. Pa injini zokhala ndi oyilo wake payekha, solola kachitsulo koyezera oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa.

Musagoneke injini yonyowa

Chimene chimapha injini ndi dzimbiri. Mabelingi onyowa amayamba kuchita dzimbiri tsiku lomwelo. Tsono ngakhale makaniko ali kutali, chotsani mapulagi, kokani chingwe kambirimbiri mpaka madzi atha, thirani oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi ndi pakamwa pa kabuleta, n'kukokanso kuti oyilo afike paliponse. Injini yogwera m'nyanja ichitidwe chimodzimodzi, ndipo ngati simunalowe mchenga ilizidwe msanga kuti itenthe, iume.

Kupewa

Musalize injini pamtunda popanda madzi, ngakhale kwa kanthawi kochepa, chifukwa kapampu ka labala kamapsa msanga. Nthawi zonse mukaliza, yang'anani kamzere ka madzi kumbuyo. Kakasiya, zimitsani pompo. Sefani petulo, tsekani zigubu, ndipo m'boti musasowe mapulagi apadera, sipanala yake, nkhafi ndi majekete oyandamitsa.

Mafunso okambirana pagulu

Kodi pa doko lathu alipo amene ali ndi geji ya kompuleshoni? Ngati palibe, kodi komiti yathu ya pa doko singasonkhe ndalama n'kugula imodzi yoti tonse tizibwerekana?