PHUNZIRO LA KHRISIMASI: MWANA AKAFUNSA, TIMUYANKHE CHIYANI?

Kuwerenga: Eksodo 12:24-27, Luka 2:8-20
Vesi loloweza: Luka 2:11
Cholinga: Ana adziwe mwini wake wa Khrisimasi, ndipo akafikitse phunziroli kwao.

MAU KWA MPHUNZITSI

Mphunzitsi mnzanga, tafunsani ana a zaka 5 kapena 6 kuti Khrisimasi n'chiyani. Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, yankho linali lomwelo: mpunga, nkhuku, Fanta ndi malaya atsopano. Musawadzudzule ai. Mwana amanena zimene amaona pakhomo.

Kuno kunyanja Disembala ndi mwezi wotanganidwa. Anthu ali kumunda, abale afika kuchokera ku Blantyre ndi ku Joni, alendo adzaza ku Nkopola ndi ku Monkey Bay. Amayi amadzukira kukhitchini, abambo kukasaka ndiwo, ndipo belu likalira ana amapita okha kutchalitchi. Motero mwana amaganiza kuti Yesu ndi wa ku Sande Sukulu, koma mpunga ndiwo wa banja lonse. Taonani anansi athu Achisilamu pa tsiku la Idi: amayamba ndi mapemphero, chakudya pambuyo. Kodi ife tilephere?

Pa Eksodo 12 Mulungu sanaletse phwando. Analamula kuti pa Paskha banja lidyere pamodzi, ndipo ana akafunsa tanthauzo lake, makolo awafotokozere za chipulumutso. Chakudya chomwecho chinali phunziro. Inu mumakhala ndi mwana ola limodzi pa sabata, makolo amakhala naye masiku onse. Chotero ntchito yanu ndi kumupatsa mwanayo kanthu kokapita nako kwao.

KAPHUNZITSIDWE

1. Yambani ndi zimene ana adziwa. Afunseni: ndani amagwira ntchito usiku ena ali m'tulo? Adzatchula asodzi a usipa ndi nyali zao. Auzeni kuti abusa a ku Betelehemu analinso anthu wamba ogwira ntchito usiku, ndipo uthenga unayamba kufika kwa iwo.

2. Fotokozani nkhani ya pa Luka 2 ndi mau anuanu, osawerenga pokha. Tsindikani ndime 17 ndi 20: abusa sanasunge nkhaniyo mumtima, anauzako ena.

3. Ana achite kasewero. Chitenje, ndodo ndi dengu n'zokwanira.

ZOKACHITA KUNYUMBA

Mwana aliyense akapemphe makolo zinthu zitatu. Choyamba, banja lonse lipite kutchalitchi, nkhuku idikire. Chachiwiri, asanasambe m'manja, wamkulu awerenge Luka 2, mwana anene vesi lake, apemphere. Chachitatu, mbale yoyamba mwanayo akapereke kwa agogo okhala okha, kwa wodwala kapena kwa mnansi, ngakhale wa chipembedzo china. Ngati n'kotheka, kambiranani zimenezi ndi akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano sabata imodzi Khrisimasi isanafike. Kumbukiraninso ana a m'mabanja osowa: asachite manyazi chifukwa cha malaya akale, pakuti Ambuye anagonekedwa modyera ng'ombe.

MUSATAYE MTIMA

Mu Okutobala 1875 Dr Robert Laws ndi anzake anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala. Anagwira ntchito zaka zoposa zisanu, ena anaikidwa m'manda komweko, ndipo wobatizidwa woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Mishoni itasamukira ku Bandawe, iye anatsala kusamala ntchitoyo. Ngati banja limodzi lokha lisintha chaka chino, thokozani Mulungu. M'mera mpoyamba.

MAFUNSO KWA ANA

1. Ndani anayamba kumva za kubadwa kwa Yesu?
2. Atamuona mwanayo anachita chiyani?
3. Iwe ukauza yani kwanu?

PEMPHERO

Ambuye Yesu, munabadwira m'banja losauka. Lowani m'nyumba zathu, mukhale Mlendo woyamba pa chakudya chathu. Amen.