Digiri ya Maphunziro a Jenda: Njira Yake Kuyambira ku Sekondale Mpaka Kupeza Ntchito

Mwana akanena pakhomo kuti akufuna kukaphunzira za jenda ku yunivesite, malume amafunsa kuti, "Ndiye ukamaliza uzikagwira ntchito yanji?" Funsoli si lachipongwe, ndipo ofuna digiriyi ayenera kuliyankha asanagwire n'komwe fomu yofunsira malo. Ine ndimati digiri ya jenda imadyetsa munthu amene watuluka nayo ali ndi luso logwirika: kuwerengera, kufufuza, kulemba lipoti, kudziwa malamulo. Wotuluka ndi mawu okoma a pamsonkhano okhaokha amakakhala pakhomo, satifiketi ili m'sutikesi. Masitepe otsatirawa ndawayala ndi cholinga chakuti mukatuluke muli m'gulu loyambalo.

Choyamba, dziwani chimene mukukaphunzira

Maphunzirowa amafunsa mafunso ooneka ngati ang'onoang'ono. Ndani amadzuka m'mamawa kwambiri pakhomo? Munda ndi wa ndani? Mtedza ukagulitsidwa, ndalama zimalowa m'thumba la ndani? Pabwalo la amfumu, ndani amalankhula ndipo ndani amangoomba m'manja? Kenako amakuphunzitsani kupeza mayankho ake ndi umboni, osati ndi mkwiyo.

Dipatimenti yoyamba ya maphunziro a za amayi inatsegulidwa mu 1970 ku San Diego State, ku America. Kuno ku Africa, Makerere ya ku Uganda inatsegula yake mu 1991. M'Malawi muno, sukulu ziwiri za boma ndizo zimadziwika ndi digiriyi: University of Malawi ku Zomba, kumene jenda imaphunzitsidwa pamodzi ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndi LUANAR ku Bunda, kumene amaphunzitsa jenda ndi chitukuko. Konseko ndi zaka zinayi. Ngati mtima wanu uli pa malamulo, ndale ndi kafukufuku, yang'anani ku Zomba. Ngati mumadziona muli kumudzi ndi alimi, nkhani za chakudya ndi mabanki mkhonde, Bunda ikuyenerani.

Anyamata musaope. M'kalasi muli malo anu, ndipo mabungwe olimbana ndi nkhanza za m'banja amafuna amuna otha kukhala pansi ndi amuna anzawo pabawo n'kukambirana nawo osawanyoza.

Chachiwiri, konzani MSCE yanu mukadali Fomu 3

Kuti mulowe yunivesite ya boma pafunika makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingelezi. Kirediti imathera pa 6. Mukapeza 7 kapena 8 mwakhoza, koma phunzirolo silikuthandizani pano. Makirediti asanu ndi imodziwo ndi khomo chabe, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amasankha kuyambira amene ali ndi mapointsi otsika.

Musataye Masamu. Ophunzira ambiri amathawira ku maphunziro ngati awa poganiza kuti asiyana nawo manambala mpaka kalekale, n'kukawapeza akuwadikira m'chaka choyamba. LUANAR ndi sukulu ya sayansi, choncho amene akufuna ku Bunda asanyozerenso Bayoloje ndi maphunziro ena a sayansi. Chingelezi nacho chigwireni mwamphamvu: muzikawerenga masamba makumi ambiri pa sabata ndi kulemba ma asainimenti ataliatali.

Chachitatu, funsirani malo

Bungwe la NCHE ndilo limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Likatulutsa chidziwitso, werengani nokha zofunikira pa pulogalamu iliyonse ya chaka chimenecho; musadalire zimene anakuuzani msuweni amene analowa kale, pakuti zinthu zimasintha. Ikani jenda pamwamba ngati ndiyo mukufunadi, ndipo onetsetsani kuti dzina ndi nambala ya mayeso zikufanana ndi za pa satifiketi.

Amene muli kale pantchito ndipo muli ndi dipuloma, monga ya chitukuko cha m'madera yochokera ku Magomero, pali khomo la akuluakulu limene yunivesite iliyonse imalengeza payokha. Mukasankha koleji yoima payokha, funsani kaye ku NCHE ngati sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo zili zovomerezeka. Kuvomerezeka kwa sukulu sikutanthauza kuti digiri iliyonse ya pamenepo ndi yovomerezekanso.

Za fizi, dzina likangotuluka funsirani ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a sukulu zaukachenjede, la HESLGB. Ndi ngongole, mudzabweza mukayamba ntchito. Ngati pakhomo angakwanitse chinthu chimodzi chokha, chikhale laputopu, ngakhale yakale.

Chachinayi, werengani motsutsa

Zaka ziwiri zoyambirira mudzakumana ndi maganizo a akatswiri ambiri a ku Ulaya ndi ku America. Awerengeni bwinobwino, koma muziwayesa pa mudzi wanu. Mabuku ambiri amayamba ndi banja limene mkazi amasamukira kwa mwamuna, munda ndi ana n'kukhala za kuchimuna. Nanga ku Dedza kapena ku Mulanje, kumene mkamwini amamanga nyumba kwa apongozi ndipo munda ndi wa mkazi? Kodi ndiye kuti mkazi wa chikamwini ali ndi mphamvu zonse? Funsani amene amadula mlandu wa ana ake: ndi mwinimbumba, mlongo wake wamwamuna. Funsaninso amene amapita kumsika ndi fodya wolimidwa pamunda wa mkaziyo. Kenako yerekezani ndi ku Mzimba kumene amapereka lobola, kapena ndi banja la chitengwa. Mafunso otere ndi amene amasiyanitsa asainimenti ya wophunzira woganiza ndi ya wongokopera.

Funani m'laibulale olemba a ku Africa kuno. Ifi Amadiume analemba za Aigbo a ku Nigeria mu 1987, ndipo Oyeronke Oyewumi analemba za Ayoruba mu 1997, akunena kuti pakati pawo ukulu wa zaka unkalemera kuposa kukhala mwamuna kapena mkazi. Sylvia Tamale wa ku Uganda walemba za amayi m'ndale. Isabel Apawo Phiri anafufuza za amayi a Chichewa ndi mpingo m'chigawo chapakati. Simuyenera kugwirizana nawo onse. Dziwaninso mbiri ya kwanu: Rose Chibambo pa nthawi yomenyera ufulu, Vera Chirwa amene anali loya woyamba wamkazi m'dziko muno, Joyce Banda amene anakhala pulezidenti mu 2012, ndi Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza imene inatchuka pothetsa maukwati a ana.

Chachisanu, malamulo akhale pamutu

Awa musawadikire mphunzitsi. Pezani malamulo enieniwo muwawerenge: loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006, la chuma cha masiye la 2011, limene limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi mlandu, la Gender Equality Act la 2013, limene limaletsa miyambo yovulaza ndi kuvutitsa munthu pa zogonana, komanso limati polemba ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 iliyonse ndipo asapitirire 60, ndi la maukwati la 2015. Lomalizali linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe ukwati wa mwana wa zaka 15 makolo akavomera, mpaka Nyumba ya Malamulo inatseka mpatawo mu 2017. Wophunzira wotha kufotokoza chifukwa chake panafunika kusintha kwachiwiriko wamvetsa kale mmene malamulo amagwirira ntchito.

Onjezani mapangano a mayiko: CEDAW ya 1979, msonkhano wa ku Beijing wa 1995 ndi Maputo Protocol ya 2003. Pa intavyu ya ntchito amafunsa zimenezi.

Chachisanu ndi chimodzi, gwirani manambala

Apa ndi pamene pagona mkate. Phunziro la njira zofufuzira ndi la sitatisitiki musangolikhoza kuti lichoke, lidziweni. Phunzirani Excel mpaka muzitha kusanja mayankho a anthu mazana angapo, kenako SPSS kapena Stata, komanso KoboToolbox yolembera mayankho pafoni. Tsegulani malipoti a ofesi ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba komweko. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Aliyense angathe kutchula nambala imeneyo papulatifomu. Amene amalembedwa ntchito ndi wotha kuigawa: kumudzi ndi kutauni zikusiyana bwanji, nanga pakati pa amene anafika ku sekondale ndi amene sanapite kusukulu?

Pa maphunziro osankha nokha, tengani mbali imodzi n'kuikakamira, kaya ndi zachuma, zaumoyo, ulimi kapena malamulo. Olemba ntchito safuna katswiri wa jenda yekha. Amafuna wa jenda amene akudziwanso za ulimi wothirira, kapena za bajeti ya khonsolo.

Chachisanu ndi chiwiri, tulukani m'kalasi

Atachimenti ifuneni msanga. Ofesi ya jenda ndi ya chisamaliro cha anthu kukhonsolo ya boma lanu, nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, bwalo la majisitireti, mabungwe ngati WOLREC: konseko n'koyenera kugogoda. Musasankhe malo chifukwa cha alawansi. Mwezi umodzi wokhala pabenchi kumvetsera milandu ya chithandizo cha ana udzakuphunzitsani zimene semesita yonse singathe.

Mukapita kumudzi kukacheza ndi anthu, yambirani kwa amfumu, valani moyenera, ndipo chitenje chisasowe m'chikwama. Koma pokambirana ndi amayi, pemphani mwaulemu kuti amfumu ndi azibambo akhale kwina. Akakhala pomwepo, funso lililonse lidzayankhidwa kuti "zonse zili bwino", ndipo adzalankhula ndi mayi mmodzi, kawirikawiri wachibale wa amfumuwo. Yesani njira iyi: amayi paokha, abambo paokha, gulu lililonse lijambule pansi ndi kamtengo ntchito zake za tsiku kuyambira tambala woyamba mpaka kugona. Kenako magulu awiriwo aonetsane. Abambo ena adzaseka, wina adzati kutunga madzi si ntchito, mayi wina adzamufunsa kuti ndowa ya malita 20 anaisenzapo liti. Inu musalowerere. Lembani zonse, ndi zimene zanenedwa chapansipansi zomwe.

Chomaliza pasukulu, kafukufuku wa chaka chachinayi

Mutu ukhale waung'ono. "Nkhanza kwa amayi m'Malawi" si mutu wa wophunzira wa miyezi yowerengeka ndi ndalama za m'thumba. Koma "chifukwa chimene atsikana obereka sabwerera kusukulu ziwiri za m'dera lakuti, ngakhale boma limawalola kubwerera" ndi mutu woti mungaumalize. Wina angafufuze amene amasunga ndalama m'makomiti a mijigo, kapena zimene zimachitikira ngongole ya banki mkhonde ikafika pakhomo. Sankhani dera limene mukudziwa chilankhulo chake ndiponso kumene muli ndi pogona.

Supavaiza wanu muzimuonetsa ntchito pang'onopang'ono, osati mtolo wonse sabata yomaliza. Tsatirani ndondomeko ya sukulu yopezera chilolezo cha kafukufuku musanafunse munthu aliyense. Nkhani za jenda zimakhudza zilonda za anthu. Mayi akakuuzani kuti amamenyedwa, dzina lake lisalembedwe paliponse, mawu amene mwajambula asakhale pafoni yobwerekana, ndipo mukhale mukudziwa kale kumene mungamulozere kuti akathandizidwe. Mwana wosakwana zaka 18 safunsidwa popanda chilolezo cha kholo kapena womuyang'anira. Ndipo musalonjeze thandizo limene mulibe: anthu akaona mlendo ndi kope amayesa kuti akulemba maina a olandira chimanga, choncho nenani poyera pachiyambi kuti ndinu mwana wasukulu.

Mukavala gauni

Ntchito zake zimapezeka ku unduna woona za jenda ndi m'makhonsolo, m'mabungwe omwe si aboma, m'mapulojekiti a ulimi, madzi ndi zaumoyo, ndi m'makampani ochita kafukufuku. Ambiri amayamba ndi ganyu yolemba mayankho m'midzi kwa milungu ingapo. Musainyoze, chifukwa ndiko amakuonerani akuluakulu a kafukufuku. Dziwaninso kuti ntchito zambiri za m'mabungwe ndi za kontirakiti, zimatha pulojekiti ikatha, ndipo thandizo lakunja likaphwa zimayamba kudulidwa ndi zomwezo. Amene ali ndi luso lolondoloza ndi kuyeza mmene pulojekiti ikuyendera savutika kudumphira kwina.

Pa CV musangolemba dzina la digiri. Lembani mutu wa kafukufuku wanu, chiwerengero cha anthu amene munacheza nawo, mapulogalamu a pakompyuta amene munagwiritsa ntchito ndi kumene munachita atachimenti. Tengani kalata ya umboni kwa amene ankakuyang'anirani kumeneko musanachoke, chifukwa maofesala a boma amasamutsidwa pafupipafupi. Ngati mukulinga za digiri yachiwiri, kaya ku Makerere, ku University of Cape Town kapena konkuno, sungani kope labwino la kafukufukuyo ndi zotsatira za mayeso a zaka zonse zinayi, pakuti pofunsira malo ndi sikolashipu adzazifuna.