Azakhali, Amuna Anga Akuti Ndikaone Mitengo ku Cape Town

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni. Amuna anga ali ku Cape Town, chino n'chaka chachinayi, amasamala maluwa ndi kapinga m'nyumba za mabwana. Anditumizira ndalama ya basi kuti ndikawaone mu Seputembala, ndipo tsiku lomwe inafika ndinavina ndekha m'nyumba. Koma nditawafunsa pa WhatsApp kuti tikayenda kuti, akuti tsiku loyamba lopuma akanditengera kumunda wotchedwa Kirstenbosch, kenako kumunda winanso wa m'tauni. Azakhali, ine ndakulira ku Ntcheu khasu lili m'manja. Mtengo ndi chinthu chachilendo kwa ine? Anzanga akapita ku Joni amabwerako ndi zithunzi za m'mamolo, majumbo ali mbali zonse. Ine ndikabwereko ndi chithunzi cha tsamba? Si kuumira kumeneku? Kapena ndalama zikudyedwa ndi wina, ine akungondipusitsa ndi maluwa?

Ine Wodandaula, Chilomoni

Mwana wanga wa ku Chilomoni,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachitatu ndinachita kuvula magalasi kuti ndiseke bwino. Makalata amene amandipeza kuno ambiri ndi a amayi omwe amuna awo anakwera basi pa Wenela n'kuzimirira ngati utsi, nambala anasintha, pa Facebook akutchedwa dzina lina. Wako watumiza ya basi, wakonza ndi koyenda komwe, iwe n'kumalira. Anzako akusowa mchere, iwe ukudandaula kuti nyama yanona.

Tiyambe ndi za wina uja, poti ndi zimene zikukusowetsa tulo. Mwamuna amene ali ndi chobisa amakonda kumolo. Kumeneko kuli phokoso lomuteteza: akupatsa kandalama, iwe walowa m'sitolo ya nsapato, iye watsala panja ndi foni. Kumunda kulibe kothawira. Maola anayi athunthu ali ndi nkhope yako ndi mafunso ako, ndipo mafunso a mkazi wa ku Ntcheu ndimawadziwa, sathera panjira. Munthu wodzipereka yekha kubwalo lotere, kaya ndi wosalakwa kaya ndi wolimba mtima kwambiri, zonse ziwirizo n'zofunika kuziona ndi maso.

Tsono munda umene ukuunyozawo suli ngati wa agogo ako wa chimanga ndi mphonda. Kirstenbosch ili m'munsi mwa Table Mountain, kumbali ya kum'mawa, moti ukakhala pakapinga phiri limakhala ngati likugwera pamutu. Malowo anali a Cecil Rhodes, yemwe pomwalira mu 1902 anawasiyira dziko, ndipo munda unakhazikitsidwa mu 1913 motsogozedwa ndi Harold Pearson, amene manda ake ali momwemo. Chodabwitsa chake n'chakuti pamene minda yambiri ya nthawi imeneyo inkadzitama ndi maluwa ochokera kutali, iwowa anasankha kubzala zomera za m'dziko mwawo momwemo, zimene anthu ankaziyesa tchire. Amuna akowo mwezi ausankha mwanzeru. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira, mosiyana ndi kwathu, ndiye Seputembala ndi pamene chilichonse chimakhala chitachita maluwa. Ukaona protea, duwa la fuko lawo, lalikulu ngati mbale ya ndiwo. Ukaonanso duwa looneka ngati mutu wa mbalame, lamtundu wachikasu, lomwe analipatsa dzina la Mandela.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna ukandionere. Choyamba ndi mlambe. Inde, mlambe womwewu umene ana a ku Mangochi amaugenda ndi miyala, kumeneko anaumangira nyumba yagalasi chifukwa sungapirire chisanu ndi mvula ya ku Cape. Azungu amaima pamzere kuujambula. Ukadzaufika uupatse moni wa kwathu, nawonso ndi mlendo ngati iwe. Chachiwiri ndi mlatho wa pamwamba pa mitengo wotchedwa Boomslang, dzina la njoka ya m'mitengo, poti umakhotakhota ngati njokayo. Anautsegula mu 2014, ndi wotalika mamita 130, ndipo umagwedera pang'ono anthu akamayendapo. Pamenepo, mwana wanga, ngakhale suli ndi mantha, uchite ngati uli nawo. Ugwire mkono wa mwamunayo. Zaka zinayi n'zambiri, mkono umaiwala ntchito.

Chenjezo langa lili pa nkhanga. M'mundamo nkhanga zimangoyendayenda pakapinga, zonenepa, zosaopa munthu, zina zimafika pafupi ndi mwendo. Ndikudziwa chimene magazi a Chingoni adzakuuze. Usamvere. Si ndiwo zimenezo, ndipo sindikufuna kumva kuti mwana wa mlongo wanga wagwidwa ndi alonda nkhanga ili m'chitenje. Chimodzimodzi maluwa: osathyola, osazula kambande kuti ukabzale ku Chilomoni. Manja m'thumba, maso okha ndiwo adye. Pakhomo pamalipiridwa, ndipo mtengo umasiyana potengera komwe munthu wachokera, choncho pasipoti isatsale. Chakudya amalola kulowa nacho. Ukazinge nkhuku usiku wake, uphike mazira, tiyi m'fulasiki, unyamule zitenje ziwiri, china choyala china chofunda, chifukwa mphepo ya ku Cape Town siona nkhope. Nsapato za gogoda zija wagulira ulendowu zisiye m'chikwama, njira zake n'zokwera.

Munda wachiwiri wa m'tauniwo uyenera kuti ndi Company's Garden, ndipo umenewo ukaukonda chifukwa unayamba ngati dimba. Mu 1652 Jan van Riebeeck ndi anthu a kampani ya Chidatchi anafika kumeneko ndi ntchito imodzi: kulima ndiwo zamasamba zoti amalinyero opita ku Asia azidya, chifukwa miyezi yambiri panyanja popanda zamasamba inkawadwalitsa mpaka mano kugweduka. Mzinda wonse uja, ndi mamolo ako omwe, unamera mozungulira dimba la kabichi. Muli mtengo wa zipatso zotchedwa pear wa nthawi imeneyo womwe udakali moyo, wochirikizidwa ndi zitsulo ngati nkhalamba ya ndodo. Kulowa n'kwaulere, ndipo agologolo ake ndi amwano, amadya mtedza m'dzanja la munthu. Kwathu gologolo akaona munthu amadziwa kuti moto wayaka kale, awowa sanamvepo mbiri imeneyo.

Koma ndisakunamize kuti nkhani yagona pa maluwa. Taganiza za mwamuna wakoyo. Zaka zinayi wakhala akulowera kugeti la kumbuyo, kugwada m'minda ya eni ake, kudulira maluwa amene sadzaikidwa patebulo pake, kutchetcha kapinga yemwe saloledwa kugonapo. Mwina ena amamuitana ndi dzina losakhala lake. Ndalama ya fizi ndi ya malata imene umalandira ija imachokera m'mawondo amenewo. Ndiye tsiku limodzi akufuna alowere pageti la kutsogolo, tikiti ili m'manja, mkazi wake ali pambali, apondeponde kapinga wotchetcha munthu wina, akuuze kuti ichi dzina lake ndi chakuti, chimafuna madzi otere, kwa bwana wanga ndinabzala zitatu zinagwira zonse. Kumolo iye ndi munthu wosauka woyang'ana mitengo ya katundu n'kumeza malovu. Kumunda ndi mphunzitsi. Akufuna umuone pamalo pomwe iye ndi katswiri, iwe ukuti ndi kuumira. Ukafika umufunse mafunso, ngakhale a zinthu zomwe ukuzidziwa. Ukamva mawu ake akusintha.

Ndipo usaganize kuti zoyenda m'minda n'zachizungu zokha. Iwe wa ku Chilomoni, Zomba ili pamphuno pako, unayamba walowa m'munda wa boma uli m'munsi mwa phiri uja? Unayambika mu 1891, woyang'anira wake woyamba anali Alexander Whyte, ndipo ntchito yake inali kuyesa mbewu zobwera kuti aone zimene zingachite bwino kuno. Whyte yemweyo ndiye anakwera Mulanje n'kutenga nthambi za mkungudza kutumiza ku London, moti dzina la sayansi la mtengo wa fuko lathu, Widdringtonia whytei, lanyamula dzina lake mpaka lero, ngati kuti anthu a ku Mulanje anali asanauone. Ngakhale khofi anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 ngati mbande zochokera kumunda wotere wa ku Edinburgh, imodzi yokha ndiyo inapulumuka n'kubala zidzukulu. Lero minda ya mtunduwu tili nayo ku Zomba, ku Lilongwe kufupi ndi Capital Hill, ndi ku Mzuzu. Timaidutsa pa minibasi tikuyang'ana foni.

Ine wa kunyumba kwanga anandifunsira m'munda wa ku Zomba womwewo, ndipo poti wandiputa ndikuuza. Anabwera atavala jekete yobwereka, manja ake ofika m'zala, atanyamula Fanta awiri ndi masikono m'pepala. Tinatsetserekera kumtsinje wa Mulunguzi, pansi pa nsungwi, madzi akuchita phokoso pamiyala. Ine ndinayala chitenje mwaulemu wonse, osayang'ana pansi, maso ali kumbali monga ankachitira atsikana olangidwa. Bamboyo anakonza kukhosi, nayamba mawu amene anawaloweza sabata yathunthu. Sindinadziwe kuti ndakhalira mzere wa linthumbu. Paja linthumbu sililuma likangokwera, limayamba lafika konse komwe likufuna, kenako n'kuluma pamodzi ngati lapangana. Iye atangofika poti “ndiye ndimati mwina ine ndi inu”, ine ndinadzuka ngati ndaponda moto, kulumpha, kukuwa, kudzimenya m'miyendo. Munthu wa Mulungu anayesa chimwemwe, nayenso anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Pomwe ndinkathamangira kuseri kwa nsungwi kukakutumula zovala, pusi anatsika mumtengo n'kunyamula masikono onse ndi pepala lomwe. Tinabwerera ndi njala, ine ndikudzikanda, iye akufunsabe ngati yankho lija linali inde. Tatha zaka zoposa 30, ndipo mpaka lero amauza alendo kuti ndinavina atandifunsira. Choncho usanayale chitenje, kaya ndi ku Zomba kaya ku Cape Town, yang'ana pansi.

Ulendo wakowo ndi wautali: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako Johannesburg, n'kukweranso ina ya ku Cape Town. Ukafika miyendo itatupa ngati zinangwa. Ngati pa Harare mudutsa kukuwala kumapeto kwa mweziwo, usagone, jakaranda amakhala wayamba kufiirira misewu yonse ndi maluwa ake. Ndipo ngati achibale a ku Joni angakusunge tsiku limodzi kapena awiri, m'malo mokhala m'chipinda kuonera mafilimu a ku Nigeria, uwapemphe akutengere ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Kuli mathithi otchedwa Witpoortjie, ndipo pathanthwe la pambali pake pamakhala ziwombankhanga zakuda zomwe zimamanga chisa pamenepo chaka ndi chaka, yaimuna ndi yaikazi, osasiyana. Zimenezo ukazijambule ukaonetse bambo a ana. Anansi athu a ku Zambia nawo ali ndi wawo ku Chilanga, kumwera kwa Lusaka, ndipo sanavutike n'kufuna dzina lachingerezi, anangoti Munda Wanga. Koma m'mizinda ya eni, pamalo pomwe pali zii, wopanda alonda ndi mabanja ena, osakhalapo, ndipo dzuwa likapendeka uzikhala uli panjira.

Tsono ndisakhale ngati ndalandira chiphuphu kwa mkamwini. Kumolo upite ndithu. Mkazi sangayende mtunda wonsewo n'kubwerera wopanda bulangete la amayi ake ndi nsapato za ana, kumudzi angamuseke mpaka Khirisimasi. Umuuze mwamunayo mokoma kuti Loweruka ndi lake, la mitengo, Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi ndi lako, la kumolo wa ku Waterfront, ndipo chikwama asaiwale. Akavomera msanga, ndiye kuti unkangomunamizira. Akayamba kukanda m'mutu n'kunena kuti kulinso munda wachitatu umene sunauone, pamenepo undilembere kalata ina, tidzaunguze bwino komwe marandi akulowera.

Za zithunzi usade nkhawa. Anzako aja onse anajambulitsa pa masitepe oyenda okha omwewo, moti ukazisanjika pamodzi sungadziwe kuti uyu anali ku Joni kapena ku Gateway Mall ku Lilongwe. Iwe ukaime pa mlatho uja, phiri lili kumbuyo, chitenje chako chatsopano chikuuluzika. Chithunzi cha mlambe wa m'galasi unditumizire ine pandekha, chifukwa amayi a Mvano ndikawauza amati Azakhali mwayamba kunama ndi ukalamba. Undigulirekonso mafuta opaka m'mawondo, aja a fungo lamphamvu, mabotolo awiri. Limodzi ndi la wa jekete yobwereka uja.

Ndine,
Azakhali ako