Mafunso ndi Mayankho pa za Mankhwala a Khansa

Popeza nthenda ya khansa yalowa m'midzi yathu ya kuno ku Chiparamba, ndipo ambiri a ife taperekezapo mbale kapena mlongo pa ulendo wautali wa ku Lusaka, kumene kuli Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007, nkoyenera kuti tifunse za mankhwala amene odwala athu amalandira. Pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kodi mankhwala a khansa amachokera kuti?

Ena amachokera m'zomera. Alipo maluwa aja ofiirira ndi oyera amene amayi amabzala pakhomo, osafota ngakhale m'chilimwe, amene kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar ndipo ophunzira amawatcha Catharanthus roseus. Akatswiri awiri ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, atamva kuti anthu a ku Jamaica amamwa masamba ake pofuna kuchiza nthenda ya shuga, anayesa madzi ake pa makoswe. Shuga sanatsike, koma maselo oyera a m'magazi anachepa kwambiri, ndipo potsata chodabwitsa chimenechi anapeza vinblastine mu 1958. Mnzake vincristine, amene apulumutsa ana ambiri odwala khansa ya m'magazi ndi chotupa cha Burkitt, anavomerezedwa mu 1963. Indedi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga bwanji osangothyola masambawo ndi kuwiritsa?

Musatero ayi. Kuti papezeke galamu imodzi ya vinblastine pamafunika masamba ouma pafupifupi makilogalamu 500, ndipo m'tsamba lomwelo muli zina zambiri zaululu zimene mphika sungazipatule. Vincristine amalowetsedwa m'mtsempha wa magazi mokha, pa muyeso wowerengedwa molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala. Ngakhale atero, ena amamva dzanzi m'zala ndi m'mapazi.

Nanga nchifukwa ninji mankhwala nthawi zina amalephera kupha chotupa?

Apa mpofunika kumvetsa bwino, kuyambira pa chitsanzo cha ubongo. Ubongo, ngakhale uli magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, umatha magawo 20 pa 100 a mpweya wa okosijeni umene thupi limagwiritsa ntchito. Ndipo monga khasu losiyidwa pachinyezi limadyedwa ndi dzimbiri, momwemonso zotsalira za mpweyawu zikadawononga maselo a ubongo, Namalenga akadapanda kuika m'thupi chotetezera chotchedwa glutathione, chimene maselo amadzipangira okha kuchokera m'zakudya zomanga thupi monga nyemba, nsawawa, mazira ndi kapenta.

Tsoka lake ndi lakuti chotupa nachonso chimadziwa kupanga glutathione, ndipo kawirikawiri chimapanga wochuluka. Mankhwala a cisplatin, amene Barnett Rosenberg anazindikira mphamvu yake mu 1965, ndipo lero amaperekedwa pamodzi ndi kuwotcha kwa makina kwa amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, akalowa m'selo la chotupa amagwidwa ndi glutathione ndi kutayidwa kunja asanagwire ntchito. Chifukwa chake akatswiri osakaniza mankhwala akuvutika usana ndi usiku kufunafuna njira yofooketsera chitetezo chimenechi m'chotupa mokha, osavula ubongo ndi mitsempha. Ntchito yovuta, ndi yoyenera ulemu wathu.

Kodi mibulu ya mavitamini yogulitsidwa m'misika ingathandize wodwala?

Wodwala amene ali pa mankhwala asamwe mibulu yotere, kapena zitsamba, asanauze dokotala wake, kuopa kuti angatchinjirize chotupa chimene akufuna kuchipha. Ku Finland, mu 1994, kunapezeka kuti amuna osuta fodya amene anapatsidwa mibulu ya beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo koposa anzawo amene sanapatsidwe. Ndiwo zamasamba, mango ndi masuku zilibe mlandu umenewo, idyani ndithu.

Tsono ife a kumudzi tichitenji?

Mankhwala onsewa amagwira bwino nthenda ikapezeka msanga. Kuyambira mu 2006 dziko la Zambia lakhala likupima amayi khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito viniga, kupima kwa mphindi zochepa, ndipo kuyambira mu 2019 atsikana akulandira katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Inu amayi, pitani ku chipatala chathu chaching'ono kapena ku Chipata Central Hospital mukapimitse musanamve kupweteka. Inu abambo ndi mafumu, aloleni apite, ndipo ana aakazi musawabise tsiku la katemera.